Fungo la Waya Wopsa

Inu amene mwakhala pansi chifukwa moyo wakugwetsani, musafulumire kunena kuti zanu zatha. Ndiloleni ndikuuzeni za wometa tsitsi wina amene nkhani yake idayambira pansi penipeni, pa simenti.

Adatsitsimuka ali thapsa, tsitsi la anthu ena litamatirira patsaya pake. M'kamwa mudali magazi, ndipo lilime litafufuza lidapeza kuti dzino lakutsogolo latsala theka. Buluku lake lidali lonyowa. Sadazindikire msanga kumene adali, ngakhale kuti adali atagwira ntchito m'shopu yometerayo zaka zisanu ndi chimodzi. Choyamba kuona chidali mapazi a anthu ambiri, onse ali kunja kwa khomo. M'kati mudatsala munthu mmodzi yekha, mnzake wa pampando wachiwiri amene ankamutchula kuti Mtali, ataima pakona ndi burashi yothyoka m'manja.

"Ndimati ndikupulumutse, amwene," adatero Mtali. "Amati munthu akagwa chonchi amameza lilime. Supuni panalibe, ndiye ndinalowetsa chogwirira cha burashi."

Eni shopu, mkulu wina amene adapatsidwa dzina lakuti a Sizasi chifukwa chokakamira sizasi pamene anzawo onse adathamangira mashini, adali panja akupepesa kasitomala. Kasitomalayo adagwirizira thaulo kukhutu, ndipo thaulolo lidali litafiira. Mashini adamucheka pamene dzanja la womumeta lidauma mwadzidzidzi.

Anthu atabalalika, a Sizasi adatola zipeso ndi mathaulo a wogwayo pogwiritsa ntchito kamtengo, n'kuziponya m'thumba lapulasitiki. Pamene adagona paja adathirapo sipiliti. Kenako adamuitana, koma adaima patali.

"Mwana wanga, manja ako ndimawadziwa. Mumsewu muno mulibe wofanana nawe. Koma ndani angapereke khosi lake kwa munthu amene amagwa khunyu ali ndi chitsulo m'manja? Ukanakhala iwe, ukanapereka?"

Zoonadi, iyenso sakadapereka.

Dzina lake la pantchito lidali Mphuno, ndipo adalipezera m'shopu momwemo. Kawirikawiri, ali pakati pometa, ankazimitsa mashini n'kuyamba kununkhiza m'mwamba. "Pali waya akupsa," ankatero. Kwa ometa, fungo limenelo si lamasewera, chifukwa limatanthauza kuti koyilo ya mashini ikunyeka kapena soketi yatentha. Anzake ankanunkhiza nawo, koma osamva kanthu. Iye ankazula mapulagi onse, kumasula mashini ake mpaka kachitsulo kotsiriza, kupukuta, kudontheza mafuta, kumanganso. Vuto osalipeza.

"Mphuno yakoyi ikungowonongeka muno," ankatero Mtali. "Ikanalembedwa ntchito kwa ozimitsa moto."

Chimene anzakewo sankadziwa n'chakuti kugwa kwa tsiku lija sikudali koyamba. Adali atagwapo kangapo kunyumba, ali yekha, n'kudzuka ndi lilime lolumidwa ndi mutu wolemera. Ankangochapa zovala mwakachetechete n'kupita kuntchito.

Atachotsedwa ntchito adakakhala kwa mlongo wake wamkulu, amene ankachapa ndi kusita zovala m'hotela ina. Adamupatsa kachipinda kosungira katundu, pakati pa masutikesi ndi njinga yopanda tcheni. Mbiri idali itafika kale kumeneko. Mayi wa nyumba yoyandikana nayo atamupatsa madzi tsiku lina, adaitaya kapuyo kudzala iye akuona. Kuyambira pamenepo Mphuno adasiya kutuluka. Adasiyanso kumeta tsitsi lake lomwe. M'miyezi inayi adagwa katatu.

M'mawa wina mlongo wake adatsegula chitseko osagogoda.

"Iwe, wometa wanji amene mutu wake ukuoneka ngati tchire? Vala nsapato. Ndapempha tsiku kuntchito, ndipo sindinalipemphe kuti ndizikuonerera ukuwerenga malata."

"Achemwali, matenda awa alibe mankhwala."

"Udokotala unauphunzira liti? Vala nsapato."

Kuchipatala adakhala pa benchi yaitali kudikira nambala yawo. Moyang'anana nawo padali mayi wina wovala zapaofesi, chikwama chili pamiyendo. Mwadzidzidzi mayiyo adatulutsa mawu amodzi okha, ngati munthu amene wamenyedwa pamimba, thupi lonse n'kuuma gwa, n'kutsetserekera pansi. Anthu adalumpha. Mphuno nayenso adapezeka waimirira kuti athawe. Mwendo uli m'mwamba, ganizo lidamugwira: iye amene adagwa maulendo oposa khumi adali asadaonepo munthu akugwa. Anthu ena onse adaona matenda ake, kupatula mwini wake.

Adabwerera n'kuyang'anitsitsa.

Namwino adabwera akuyenda, osati akuthamanga. Adayang'ana wotchi yake, adakankhira benchi kumbali, adapinda juzi n'kuiika kumutu kwa mayiyo, adamuvula magalasi ndi kumasula batani lapakhosi. Sadamugwire manja kapena miyendo. Sadamuike kanthu m'kamwa. Kuuma kuja kutatha, thupi lidayamba kugwedezeka mwamphamvu, mikono ndi miyendo pamodzi, poyamba mofulumira, kenako motalikirana, ngati mashini amene magetsi akuwathera. Kenako zii. Mayiyo adakoka mpweya wautali wa mkonono. Namwino adamutembenuza kuti agone cham'mbali, adamupukuta thovu, n'kumufunditsa nsalu m'chiuno.

"Mphindi imodzi ndi theka," adatero namwino kwa mnzake.

Mphuno kukamwa kudali yasa. Iye ankaganiza kuti akagwa amaphupha kwa ola lathunthu. Patapita kanthawi mayi uja adadzuka n'kukhala tsonga, maso ali mwazimwazi. Namwino adamuuza mofatsa kumene adali ndi chimene chidachitika. Posakhalitsa mayiyo adapempha magalasi ake, n'kufunsa ngati nambala yake yadutsa.

"Basi?" Mphuno adafunsa namwinoyo chapansipansi. "Ndi zomwezo?"

"Ndi zomwezo, bambo. Kawirikawiri thupi limabwerera lokha. Ife timangoliteteza kuti lisavulale panjira."

Adokotala amene adamuona adali mayi wa imvi, wolankhula pang'onopang'ono. Adamufunsa zimene zimachitika asadagwe. Mphuno adati sakumbukira kanthu, amangodzuka ali pansi.

"Zimatero," adatero adokotala. "Kugwa kumafufuta ngakhale mphindi za m'mbuyo. Sabata yamawa mubwere ndi munthu amene anakuonani kuyambira pachiyambi. Maso ake ndi ofunika kwa ine ngati makina oyezera."

Mtali adabwera atavala jekete lobwereka, nkhope ili ndwii, ngati waitanidwa kukhoti.

"Fotokozani zonse," adatero adokotala, "ngakhale zimene mukuziona ngati zopanda pake."

"Zopanda pake zilipo, adokotala. Mkuluyu anayamba ndi nyimbo yake ya masiku onse, yakuti pali waya akupsa. Ife tinaseka. Anazula pulagi yanga, anazula ya wailesi, kenako anabwerera kwa kasitomala n'kuyatsanso mashini. Ndiye anangoti duu, mutu n'kupotokera mbali imodzi, n'kukuwa."

Adokotala adaika cholembera pansi.

"Nyimbo ya masiku onse, mwatero? Fungo limeneli wina aliyense analimvapo?"

"Palibe. N'chifukwa chake timamuti Mphuno."

Mayiyo adatembenukira kwa Mphuno n'kumufunsa ngati fungolo limakhala lofanana nthawi zonse, ngati limabwera mwadzidzidzi n'kutha lokha, ndiponso ngati limatsagana ndi kanthu kena. Mphuno adavomera. Adati limabwera ndi kachinthu kokwera kuchokera m'mimba, ngati galimoto yatsika chitunda mothamanga. Adamutumiza kukayezedwa ndi makina oika timawaya pamutu, ndipo zotsatira zitatuluka adokotala adawakhazika pansi onse awiri.

Adawafotokozera kuti ubongo wa munthu umagwira ntchito ndi timagetsi tating'ono kwambiri. Maselo ake osawerengeka amatumizirana mauthenga mwadongosolo, ndipo kuona, kulankhula, kukumbukira, ngakhale kugwira chipeso, zonse zimachokera m'mauthenga amenewo. Mwa munthu wa khunyu, nthawi zina maselo ena amayaka onse pamodzi mopanda dongosolo. Kwa Mphuno, chisokonezocho chimayambira pamalo aang'ono, pafupi ndi pamene ubongo umazindikirira fungo. Pamenepo ubongo umanunkhiza chinthu chimene palibe.

"Chikathera pomwepo, mumangomva fungo n'kupitiriza ntchito," adatero adokotala. "Koma chikafalikira ubongo wonse, mumakomoka. Minofu yonse imakungika nthawi imodzi, ndiko kuuma kuja. Kukuwa kuja si ululu ayi, ndi mpweya wofinyidwa kuchokera m'chifuwa. Kenako minofu imayamba kukungika ndi kumasuka mosinthana, ndiko kugwedezeka. Pomaliza ubongo umatopa n'kupuma, n'chifukwa chake mumadzuka osokonezeka."

Mphuno adakweza dzanja pang'onopang'ono n'kugwira mutu wake.

"Ndiye kuti waya uja ali muno?"

"Palibe chikupsa, bambo. Koma inde, fungolo limachokera mmenemo. Ndi chiyambi cha kugwa kwenikweniko."

Mtali adapukusa mutu. "Zaka zisanu ndi chimodzi, amwene, tikumasula mashini osalakwa."

Adokotala adaseka pang'ono. Adaonjeza kuti si onse amene amalandira chenjezo lotere. Kwa ena chisokonezo chimagwira ubongo wonse nthawi imodzi, amangogwa. Ena sagwa n'komwe, amangoyang'ana malo amodzi kwa kamphindi osamva owaitana, kapena amatafuna milomo n'kumatolatola zovala zawo osadziwa. Adanenetsanso kuti khunyu silipatsirana, thovu lija ndi malovu chabe, ndipo lilime silingamezedwe.

"Nanga dzinoli anakuthyolani ndani?" adafunsa.

Mtali adayang'ana nsapato zake.

"Burashi, adokotala," adayankha Mphuno.

"Burashiyo muiuze isadzabwerezenso. Tsono mnzanuyu wanena kuti fungo litabwera munazula mapulagi awiri musanagwe. Ndiye kuti muli ndi kanthawi. Ndi kochepa, ndipo tsiku lina kakhoza kuchepa kuposa pamenepo, n'chifukwa chake mankhwala ndiwo oyamba. Koma kanthawi kameneko ndi kanu. Musakawonongerenso pa mapulagi."

Pobwerera kunyumba Mphuno ankangoyang'ana mitu ya anthu mumsewu: ya dazi, ya imvi, ya zipewa, yoluka. Mitu masauzande idadutsa m'manja mwake, ankaipendeketsa uku ndi uku ngati mipira, osaganizapo n'kamodzi komwe kuti pansi pa mano a mashini ake, patali ngati kunenepa kwa chala, padali ntchito yodabwitsa chotero ikuchitika osapuma. Kwa nthawi yoyamba sadachite manyazi ndi mutu wake. Adachita nawo mantha aulemu. Atafika adabwereka galasi la mlongo wake n'kudzimeta.

Musaganize kuti zinthu zidayenda myaa kuchokera pamenepo. Mwezi woyamba mapiritsi adamupatsa chizungulire ndi tulo tosatha. Mwezi wachiwiri adagwanso, m'bafa, n'kuchekeka pachipumi. Adataya paketi ya mankhwala pansi pa bedi. Mlongo wake adagwada, adaitola, n'kuimangirira ku mswachi wake ndi mphira.

"Tsiku limene udzasiye kutsuka mano, ndi tsiku limene udzasiye awa," adatero.

Adabwerera kwa adokotala, amene adasintha mlingo wa mankhwala. Adasiya mowa. Adayamba kugona pa nthawi yake, chifukwa adauzidwa kuti kusagona mokwanira kumaputa kugwa. Pa kalendala ankalemba kadontho tsiku limene fungo labwera, ndi mtanda tsiku limene wagwa. Ndipo adadziikira lamulo limodzi: fungo likangobwera, aike pansi chilichonse chimene wagwira, agone cham'mbali pamalo abwino, kaya ali kuti.

Lamuloli lidamuchititsa manyazi kangapo. Tsiku lina adagona pa udzu pafupi ndi pokwerera basi, anthu n'kumuzungulira, wina n'kunena kuti waledzera m'mawamawa. Fungo lidatha, palibe chidachitika. Adadzuka, adadzisansa, n'kukwera basi yotsatira. Pa maulendo khumi amene adagona chotero, asanu ndi atatu adagonera pachabe. Koma pa awiri otsalawo khunyu lidamugwiradi, ndipo adadzuka wopanda bala.

Ntchito idamupeza mosayembekezereka. Mtali adabwera tsiku lina ndi mashini ake atafa, akudandaula kuti wokonza mawailesi wawalephera. Mphuno adakhala pa mkeka, adawamasula, ndipo tiyi asadazizire mashiniwo adali kulira. Zaka zonse zija zofunafuna waya wopsa zidamuphunzitsa m'kati mwa mashini kuposa wina aliyense. Mbiri idayenda. Ometa a m'misewu ina adayamba kumubweretsera mashini awo. Ena ankaopa kulowa m'nyumba, ankaperekera pawindo. Iye ankalandira pawindo pomwepo, n'kubwezera pomwepo atakonza.

Koma mtima wake sudali pa zitsulo. Udali pa mitu ya anthu.

Atatha miyezi isanu ndi itatu osalemba mtanda pa kalendala, adanyamula mashini awiri a m'shopu yake yakale amene Mtali adamubweretsera, n'kukawapereka yekha. A Sizasi adawayesa pa mkono wawo, adagwedeza mutu, koma Mphuno sadachoke.

"Abwana, mpando wanga ndauona uli ndi mathaulo pamwamba."

"Ndauona nanenso. Ungandilonjeze kuti sudzagwanso?"

"Ayi, abwana. Zimenezo ngakhale adokotala sanandilonjeze. Chimene ndingalonjeze ndi chimodzi. Sindidzagwa ndili ndi mashini m'manja."

Adawafotokozera zonse, za fungo, za timagetsi ta mu ubongo, za mayi wa kuchipatala. Adati lezala sadzaligwira, ntchito ya lezala izikhala ya Mtali. Adapempha msomali pakhoma, pamene dzanja lingafike osasuntha phazi, mkeka kuseri kwa mpando, ndi kapepala pagalasi kouza makasitomala zoona zake, kuti wokhala pampandopo azikhala akudziwa.

A Sizasi adatsegula ndi kutseka sizasi yawo kangapo, monga ankachitira akamaganiza.

"Msomali ndikhoma ndekha," adatero. "Koma ukadzagwa uli ndi mashini m'manja, usadzadikire kuti ndilankhule. Udzangotola zipeso zako."

Asadayambe ntchito, Mphuno adaphunzitsa anzakewo chochita. Adagoneka Mtali pa mkeka kuti akhale wodwala, koma miyendo yake idatulukira pakhomo, ndipo munthu wodutsa adafunsa ngati shopuyo yayamba kumeta mapazi. A Sizasi adapatsidwa ntchito yoyang'ana wotchi yapakhoma. Adabwereza mpaka adaloweza: chotsani zinthu pafupi, ikani chofewa kumutu, osamugwira, osamuika kanthu m'kamwa, osamumwetsa madzi, kugwedezeka kukatha mugonekeni cham'mbali. Kukapitirira mphindi zisanu, kapena kukayambiranso asadatsitsimuke, thamangirani naye kuchipatala.

Masabata oyamba mpando wake udali mbee. Anthu ankawerenga kapepala kaja n'kusankha kudikira Mtali ngakhale mzere utalike. Mphuno ankakhala pampando wake womwewo akukonza mashini. Oyamba kubwera adali achangu, amene ankaopa kuchedwa kuntchito kuposa kuopa khunyu. Ankatuluka akudziyang'ana m'mawindo a magalimoto, ndipo anzawo ankawafunsa kumene ametetsa. Pang'ono ndi pang'ono benchi idayamba kukhala ndi anthu onena kuti, "Ine ndikudikira a Mphuno."

Tsiku loyesedwa lidafika Loweruka lina masana, shopu itadzaza. Mphuno adali atadwala chimfine ndi kutentha thupi masiku awiri, koma adadzuka bwino. Pampando padali bambo wina wa khosi lonenepa, woyendetsa lole za maulendo aatali, amene ankasamala tsitsi lake kuposa lole. Mbali yakumanzere idali itatha, tsitsi likutsika mosalala kuchokera pamwamba mpaka kuzimiririka pakhutu, osaoneka pamene layambira kuchepa. Mphuno adazungulira kuti ayambe yakumanja.

Fungo lidafika.

Adalizindikira nthawi yomweyo, waya wopsa, ndi kachinthu kaja kakukwera kuchokera m'mimba. M'galasi adaona benchi yodzaza ndi anthu amene adawabweza mmodzimmodzi kwa miyezi. Maganizo adamuthamangira. Nthawi zambiri fungoli limangodutsa. Akagona pansi pamaso pa anthu onsewa, mwina pachabe, mpando udzakhalanso mbee. Mphindi zitatu zokha akadamaliza mutuwo. Mashini adali kulira m'dzanja lake, pafupi ndi khutu la munthu amene adatsinzina mwamtendere.

Adawazimitsa. Adatambasula mkono n'kuwakoloweka pa msomali.

"Pepani bambo, ndigone kaye," adatero. "Mtali. Abwana, wotchi."

Adagwada, adagona cham'mbali pa mkeka, ndipo sadadziwenso kanthu.

Adatsitsimuka pang'onopang'ono. Adamva mawu a Mtali akumuuza kuti ali kuntchito, wagwa, ndipo zatha. Kumutu kwake kudali jekete lopinda, m'chiuno adamufunditsa thaulo lalikulu. A Sizasi adali atagwada pambali pake, dzanja lili paphewa lake. Mutu utayamba kugwira, maso a Mphuno adakwera khoma. Mashini adali lende pa msomali.

"Mphindi ziwiri," adatero a Sizasi. "Sindinachotse diso pa wotchi."

Zina zonse adamuuza pambuyo pake. Anthu atatu adathawa. Ena adatsala. Bambo wina wachifundo adatulutsa makiyi kuti amuike m'kamwa, koma Mtali adamutchinga ndi mkono wake wautaliwo n'kunena kuti, "Bwezani m'thumba, akulu. Ine ndinayesapo. Akadzuka muone dzino lakutsogolo."

Woyendetsa lole uja adali akadali pampando, nsalu ili m'khosi, mutu uli theka. A Sizasi adadzuka n'kudzisansa m'maondo.

"Pepani kwambiri, bambo. Ndikumalizitsani ndekha."

Bamboyo adatembenuza mutu pagalasi, uku ndi uku.

"Madala, ndimakulemekezani. Koma taonani mbali iyi. Mungaifananitse?"

A Sizasi adavala magalasi awo, adawerama, adayang'ana nthawi yaitali.

"Sindingathe," adatero.

"Ndiye ndibwera Lolemba." Bamboyo adamasula nsalu m'khosi, n'kuyang'ana kwa Mphuno, amene tsopano adali atatsamira khoma. "Ine pamsewu ndakhala zaka makumi awiri. Woyendetsa amene ndimamuopa si amene amamva tulo, tonse timamva. Ndimaopa amene akamva tulo amati ndifike kaye. Uyu amaima."

Adabwereka chipewa cha Mtali, chimene sichidamukwane, n'kutuluka nacho chili pamwamba pa mutu, anthu akuseka.

Mphuno adayesa kulankhula, lilime lili lolemera. "Abwana, ndiye kuti ine..."

"Ndiye kuti chiyani? Mtali akuperekeze ukagone, ndipo adokotala ako uwadziwitse. Lolemba usachedwe. Pali munthu akuyenda m'tauni ndi theka la mutu chifukwa cha iwe."

Lolemba Mphuno adafika chitseko chisadatsegulidwe. Woyendetsa lole adabweradi, ndipo mbali yakumanja idafanana ndi inzake.

Mpaka lero Mphuno akumeta pampando womwewo. Mankhwala amamwa tsiku ndi tsiku, ndipo padutsa zaka osagwa, ngakhale kuti iye sanena kuti adachira. Amati adaphunzira. Kasitomala watsopano akafunsa za kapepala kapagalasi, amamufotokozera zonse uku akumumeta, ndipo amagwira mutuwo mosamala ngati wanyamula chinthu cha mtengo wapatali.

Tsono inu amene muli ndi matenda akugwa ndipo mwadzitsekera m'nyumba, pitani kuchipatala, ndipo mutenge munthu amene adakuonani mukugwa. Ambiri amathandizidwa ndi mankhwala. Mwina inu mulibe chenjezo ngati la Mphuno, ndipo ntchito zina zingafune kuti muzisinthe, koma zimenezo mukambirane ndi adokotala, osati ndi mantha. Inu amene mudzaone munthu akugwa, musathawe ndipo musamuike kanthu m'kamwa. Yang'anani wotchi, tetezani mutu wake, ndipo mukhale naye mpaka atakuzindikirani.

Ndipo inu nonse amene chakugwetsani ndi china, musalonjeze kuti simudzagwanso, pakuti palibe munthu angalonjeze zimenezo. Chidziweni bwino chimene chimakugwetsanicho, mulonjeze chimene mungathe, ndipo muchisunge ngakhale benchi itadzaza ndi maso. Musataye mtima. Ntchito yanu yatsala theka, ndipo alipo amene akudikira kuti mudzuke mudzaimalize.